Kodi zaka za mafumu a Amaya anazidziwa bwanji?

Wachidwi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mabuku amanena motsimikiza kuti mfumu Pakal ya ku Palenque, ku Mexico, inabadwa mu 603 n'kumwalira mu 683. Komatu zilembo za Amaya, mtundu wa anthu a ku Mexico ndi ku Central America, zinatha zaka mazanamazana popanda munthu wodziwa kuziwerenga. Ndiye zaka zimenezi anachita kuziwerengadi pamwala, kapena akatswiri angoganizira?

Mwerengi:
N'zowerenga pamwala, ndipo mungathe kuwonkhetsa nokha. Manambala ndi amene anayamba kudziwika, mawu asanadziwike. Kadontho ndi 1, kamzere ndi 5, ndipo Ernst Förstemann, woyang'anira laibulale ku Dresden, ku Germany, anatulukira m'ma 1880 kuti chigoba cha nkhono ndi ziro. Powerenga masiku, k'in ndi tsiku limodzi, winal masiku 20, tun 360, k'atun 7,200, bak'tun 144,000, kuyambira pa 11 Ogasiti 3114 BC.

Tsiku lobadwa la Pakal ndi 9.8.9.13.0. Chulukitsani: 9 x 144,000, 8 x 7,200, 9 x 360, 13 x 20. Zonse pamodzi ndi masiku 1,357,100, zaka 3,715 ndi miyezi ingapo, ndipo mufika mu Malichi 603. Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa masiku olembedwa mwachidule, monga "8 Ajaw 13 Pop". Dzina lotere limabweranso pakatha masiku 18,980, ndiye ngati mwala wagumuka pamene panali manambala aatali aja, mutha kuphonya ndi zaka 52.

Nasiketi:
Zoona a Mwerengi, koma tsiku palokha silinena kuti kunachitika chiyani. Eric Thompson, katswiri amene mawu ake ankamveka kwambiri 1960 isanafike, ankati miyalayi imakamba za milungu, nyenyezi ndi kayendedwe ka nthawi. Amene anasintha zinthu ndi Tatiana Proskouriakoff mu 1960. Ku Piedras Negras, ku Guatemala, anaona kuti miyala inaimikidwa m'magulumagulu, ndipo masiku a gulu lililonse sapitirira moyo wa munthu mmodzi. Tsiku loyambirira limakhala ndi chizindikiro chonga mutu wa chule woyang'ana kumwamba. Pakapita zaka 12 mpaka 31 pamabwera china, mutu womangidwa nsalu ngati wa munthu wodwala dzino. Iye anati choyambacho ndi kubadwa, chachiwiri ndi kulowa ufumu. Anachita zonsezi asanatchule liwu ngakhale limodzi la Chimaya.

Mlembi_wakale:
Kutchula mayina ndiye nkhani ya Yuri Knorozov, 1952. Wansembe Diego de Landa, yemwe uja anatentha mabuku a Amaya ku Maní mu 1562, anasiya "alifabeti" imene inasokoneza anthu kwa zaka zambiri. Cholakwika chinali apa: iye ankatchula dzina la chilembo m'Chisipanishi, monga "be", mlembi wa Chimaya n'kumujambulira chizindikiro cha phatikizo lonse la be. Knorozov anazindikira kuti ndi maphatikizo. M'mabuku akale, pafupi ndi chithunzi cha nkhukundembo, anawerenga cu-tzu, ndiye kuti cutz, dzina la nkhukundembo m'Chimaya. Pa galu anapeza tzu yemweyo ali patsogolo, tzu-lu, ndipo galu ndi tzul. Lembo la liwu lomaliza silitchulidwa. Umboni wake ndi umenewo: chizindikiro chimodzi chizimveka chimodzimodzi m'mawu osiyana, ndipo mawuwo azipezeka m'zinenero za Chimaya.

Ngati mukufuna kuyesa, werengani mabokosi a zizindikiro awiriawiri, kumanzere kenako kumanja, n'kumatsika: A1, B1, A2, B2 (A ndi mzere wotsika wa kumanzere, B wa kumanja). Mukatsika mzere umodzi wokha chiganizo chimaduka. Kawirikawiri limayamba ndi tsiku, kenako mneni, dzina pambuyo. Musadabwenso kuona liwu limodzi litalembedwa mosiyanasiyana. Balam, chilombo chija chotchedwa jaguar, akhoza kukhala mutu wa nyamayo, kapena ba-la-ma, kapena mutuwo ndi ma pansi pake. Alembi ankakonda kuonetsa luso, ndipo kusinthasintha kumeneku n'kumene kunathandiza akatswiri monga David Stuart kugwira maphatikizo ena ambiri.

Wachidwi:
Zikomo, apa ndamva. Nanga mafumuwo sankadzitamandira ndi mabodza?

Nasiketi:
Ankasankha zonena, n'chifukwa chake muziwerenganso miyala ya adani awo. Kugonja kwa mzinda wa Tikal mu 562 timakumva pa guwa la ku Caracol, mzinda wa adani ake. Mu 738 mfumu ya mzinda wa Copán, Waxaklajuun Ubaah K'awiil, inagwidwa n'kudulidwa mutu, ndipo amene amabwerezabwereza nkhaniyi monyadira ndi a mzinda wa Quiriguá amene anaipha. Koma pa masiku ndi mndandanda wa mafumu, zofukula pansi zimagwirizana nazo. Altar Q ya ku Copán, guwa lamwala losemedwa, imaonetsa mafumu 16 kuyambira pa K'inich Yax K'uk' Mo', amene imamuonetsa ngati wobwera, ndipo mafupa a m'manda amene akuti ndi ake asonyeza kuti sanakulire ku Copán.

Za Pakal wanuyo panali mkangano weniweni. Alberto Ruz atapeza manda ake mu 1952, oyeza mafupa anati ndi a munthu wa zaka za m'ma 40, pamene zolemba zikuti 80. Atawayezanso pambuyo pake ndi njira zatsopano anapeza kuti ndi a nkhalamba. Mano ake osaperepeseka, amene anasokoneza oyamba aja, akuti n'chifukwa chodya zofewa za kunyumba yachifumu.