Kodi ku France kulidi njira za njinga zopanda galimoto? Ndikufuna kupita ndi mwana

NaBanda_Leicester

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo. Ine ndi bambo akunyumba tapatsidwa tchuthi cha sabata imodzi mu Ogasiti, koyamba kuti masiku athu akumane chiyambireni ntchito yosamalira okalambayi kuno ku UK. Mtsikana wathu ali ndi zaka 10 ndipo njinga amaikonda kwambiri, koma chaka chatha galimoto inamukhudza pachigongono ndi galasi lake tikuchokera kusukulu. Sanavulale kwenikweni, koma kuyambira tsiku limenelo akangomva injini kumbuyo amauma manja pahandulo n'kuima. Pano amapalasa m'paki mokha, kuzungulira pamodzimodzi, ndipo zimandiwawa mumtima.

Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti ku France kuli njira zomwe kale zinali njanji, ndiye anazula zitsulo n'kuthira phula, moti munthu umapalasa tsiku lonse osakumana ndi galimoto. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi zija zimakoma pachithunzi pokha? Ine ndinakulira ku Mchinji, ndinkapalasa njinga ya abambo thumba la chimanga lili pakaliyala kupita kuchigayo, choncho mtunda sindiuopa. Koma mwanayu sindikufuna ndimulonjeze kuti kulibe galimoto, kenako akapezeke ali pamsewu ndi mathiraki. Tiyambire kuti? Ndipo poti ine ndi bambo ake tikadali ndi mapasipoti a Malawi, za visa zikuyenda bwanji?

Bambo_a_Chiko

Zikomo mayi, n'zoona ndithu, koma samalani ndi mawu awiri omwe amasokoneza anthu. Mukaona palembedwa "voie verte", imeneyo ndiye njira yanu: oyenda pansi ndi apanjinga okha. Mukaona "véloroute", dziwani kuti ndi ulendo wautali wolumikiza zidutswa, pena mopanda galimoto, pena m'timisewu takumudzi momwe mumadutsa galimoto ndi mathirakitala. Njira yotchuka ija ya m'mbali mwa mtsinje wa Loire ili choncho. Ndi yokongola, koma si yomwe mungalonjezere mwana wamantha.

Yapafupi kwa ife a kuno ndi ya ku Normandy. Mumakwera sitima ya pamadzi ku Newhaven ndi njinga zanu, maola anayi mwafika ku Dieppe. Ine ndinapita ndi anyamata anga awiri. Kutuluka m'tauni ya Dieppe mpaka cha ku Arques-la-Bataille muli galimoto, ndiye pamenepo mwanayo mumuike pakati panu, ndipo pomwe pavuta mutsike muzikankha. Mukafika panjanji yakaleyo, basi, phula losalala makilomita opitirira 40 mpaka ku Forges-les-Eaux. Mtunda ulipo wonyengerera, woti sitima inkakwera, ndipo pobwerera njinga imangoyenda yokha. Ife tinagona ku Neufchâtel-en-Bray, komwe amaumba tchizi chooneka ngati mtima. Musapitirire Forges poganiza kuti zili chonchi mpaka ku Paris. Kutsogoloko njira imalowa m'misewu wamba ndipo kuli zitunda.

Timisewu ting'onoting'ono timadula njirayo mwa apo ndi apo. Mumuphunzitse kuima, ndipo ayambe kuyang'ana kumanzere, poti uko galimoto zimayenda kudzanja lamanja.

Nangozo_Mcr

Achemwali, nkhani ya mwana wanuyo yandikhudza, chifukwa inenso ndinasiya njinga zaka zambiri kaamba ka mantha. Zomwe anena Bambo a Chiko ndi zoona, koma lolani ndikuuzeni za komwe ndinapita ine, ku Burgundy, pakati pa Chalon-sur-Saône ndi Mâcon. Chigawo cha Givry mpaka Cluny, makilomita 44, ndicho amachitcha voie verte yoyamba m'dziko lonselo, anachitsegula mu 1997. Ndinapita ndi mng'ono wanga, tinabwereka njinga komweko, tinatenga masiku atatu pamtunda woti anyamata amautha m'mawa umodzi.

Tsiku loyamba ndinali ndikucheukacheukabe, makutu ali kumbuyo. Pofika cha ku Buxy ndinazindikira kuti mapewa anga agwa, ndipo chomwe ndikumva ndi tcheni changa ndi ziwala basi. Kumanja minda ya mpesa yakwera m'mapiri, kumanzere ng'ombe zoyera mbee, zikuluzikulu, zija amati Charolais, zitagona pamthunzi zikubzikula. Masiteshoni akale akadalipo, ena anawasandutsa malo opumira okhala ndi zimbudzi ndi mpopi. Mwana wanuyo akufunika ola loyamba lija lokha. Mumusiye atsogole, musamulankhulitse zambiri.

Tinagona ku Saint-Gengoux-le-National, kenako ku Cormatin. Kuchokera pamenepo Taizé, mudzi womwe kumakhala gulu la abale achikhristu lotchuka ndi mapemphero ndi nyimbo, ili pafupi kwambiri, pamwamba pa kaphiri. Ngati munaimbako kwaya mwina nyimbo zawo zija zobwerezabwereza mukuzidziwa. Ine ndinaziphunzira ku St Montfort ndili mtsikana, osadziwa kuti zimachokera kumudzi kwenikweni komwe tsiku lina ndidzafikeko miyendo ili fumbi. Tinapatuka n'kukankha njinga kukwera kaphiriko, mabelu a pemphero la masana akulira. M'tchalitchimo mulibe mabenchi ambiri, anthu amakhala pansi, achinyamata a mitundu yonse. Atayamba kuimba ndinalira. Dziwani kuti kamsewu kokwerera kumeneko ndi ka galimoto, ngakhale ndi kakafupi.

Cluny payokha ndi malo oti mukhaleko tsiku. Nyumba ya amonke ya kumeneko inayamba mu 910, ndipo tchalitchi chake chinali chachikulu kuposa onse a Chikhristu mpaka pomwe anamanganso St Peter's ku Rome. Itatha nkhondo yogwetsa ufumu ku France anachigulitsa, anthu n'kumagumula miyala kukamangira nyumba. Chatsala ndi kachidutswa chabe, koma ukaima pansi pake khosi limapweteka poyang'ana denga. Ndinaganiza kuti ngati aka ndi kotsalira, nanga chonsecho chinali chotani.

Kupitirira Cluny kuli mphanga yomwe sitima inkabowolera phiri, Tunnel du Bois Clair, yotalika makilomita 1.6. Kuti mukafike pakhomo pake pali chitunda chowawa, ife tinatsika n'kukankha. Kunja kunali kotentha moti madzi a m'botolo anafunda, koma titangolowa kuzizira kunatimenya ngati talowa mufiriji, madontho akugwa kudenga. Muli magetsi, musade nkhawa, koma tengani juzi. Amaitseka nyengo yozizira, kuyambira mu Okutobala, kuti mileme yomwe imagona mmenemo isasokonezedwe. Mu Ogasiti ndi yotsegula.

Tsopano vuto lomwe tinakumana nalo. Kumidzi ya ku France masitolo ambiri amatseka masana kuti eni ake akadye, Lamulungu masana kuli zii, ndipo ophika buledi ambiri amapuma Lolemba. Ife tinafika pamudzi wina Lolemba cha m'ma 1 koloko tilibe kanthu m'chikwama, madzi atatha. Gogo wina wamkazi anali akuthirira maluwa pakhomo pake. Chifalansa changa ndi "bonjour" ndi "merci", ndiye ndinangomuonetsa botolo. Anatilozera kumanda. Achemwali, mukudziwa kwathu manda salowamo wamba, amfumu asanalole. Ndinaima pageti miyendo italemera. Mng'ono wanga ndiye analowa, napeza mpopi pafupi ndi khomo, pomwe anthu amatunga madzi othirira maluwa a pamanda, zitini zili ndandanda pakhoma. Uko n'chizolowezi, apanjinga onse amadziwa. Ongoti muyang'ane ngati sanalembe "eau non potable", kutanthauza kuti si akumwa. Gogo uja ataona kuti tabwerako anatuluka ndi tomato anayi a m'dimba mwake ndi theka la buledi. Kuyambira tsikulo tinkagula chakudya cha masana m'mawa tisananyamuke.

Chovuta cha Burgundy ndi kutalika ndi kutentha. Kuchokera ku Paris mumakwera sitima, ndipo zija amati TER zimalola njinga, koma ndi mwana ndi katundu kusinthasintha masitima kumatopetsa. N'chifukwa chake ife tinabwereka komweko.

Mjomba_Kabaza

Pa za visa: pasipoti ya Malawi imafuna Schengen visa, yolowera ku France ndi maiko ena ambiri a ku Ulaya, ngakhale muli ndi chilolezo chokhala ku UK. Ndi ma euro 90 munthu wamkulu, 45 mwana wa zaka 6 mpaka 11, ndipo ya ofesi yolandira mapepala mumalipira padera. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000, kalata ya kuntchito, masitetimenti a kubanki, matikiti opita ndi obwerera, komanso umboni wa komwe mukagone usiku uliwonse. Ndiye zongoti "tikaona komweko" sizitheka, malo musungitsiretu. Mutha kupempha kukadali miyezi 6. Yambani pano, chifukwa ikayandikira tchuthi ya ana masiku okaonekera amasowa.

China: ku France mwana wosakwana zaka 12 amayenera kuvala helemeti, ndi lamulo kuyambira 2017. Posaka pogona yang'anani chizindikiro cha "Accueil Vélo". Amenewo amakhala osapitirira makilomita 5 kuchokera panjira ndipo ali ndi posungira njinga ndi zida zokonzera.

NaBanda_Leicester

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Achemwali a Nangozo, ndawerenga yanuyo kawiri pa buleki ya usiku. Taizé ndikuifuna ndi mtima wonse, amayi anga ankaimba nyimbo zimenezo akusinja. Koma takambirana ndi bambo akunyumba, chaka chino tiyambe ndi Dieppe, mwana akhale panjinga yake yomwe anaizolowera mabuleki ake. Ndamuonetsa zithunzi za njirayo, wayang'anitsitsa nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Amami, ndiye galimoto zimadutsa pati?" Nditamuuza kuti sizidutsamo, wapita kukapukuta njinga yake.

Bambo a Chiko, funso limodzi. Makilomita angati patsiku kwa mwana wa msinkhu umenewu? Ndipo kachigawo kotuluka mu Dieppe kaja kakundidetsabe nkhawa.

Bambo_a_Chiko

Mayi, wanga wamng'ono anali ndi zaka 9 ndipo 20 mpaka 25 patsiku ankakwanitsa bwinobwino, bola kupuma pafupipafupi ndi kanthu kotafuna m'thumba. Sankhani sitima yofika ku Dieppe masana, osati ya usiku ija yofika kusanache, chifukwa mungatuluke padoko mumdima limodzi ndi mathiraki. Mukatsika dikirani galimoto zonse zithe kaye. Usiku woyamba gonani mu Dieppe momwemo, m'mawa mutuluke mwakachetechete, pomwe pathina muziyenda pansi. Sizitenga nthawi yaitali.

Tengani machubu awiri a saizi ya matayala a mwanayo, chifukwa aang'onowo sapezeka m'sitolo iliyonse, pompa, ndi majekete a mvula poti Normandy imagwa mvula ngakhale mu Ogasiti. Mumuikirenso belu. Musanafike ku Neufchâtel mudzadutsa Mesnières-en-Bray, pomwe pali nyumba yachifumu ya nsanja zoyera pafupi penipeni ndi njira. Ife tinadyera pamenepo chakudya cha masana, njinga titazigoneka pa udzu.