Kodi n'zotheka kuyendera Zanzibar pa ndalama zochepa, pokwera dala-dala?

Mphunzitsi wa ku Karonga:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndi mayi a kunyumba tikukonza zopita ku Zanzibar pa tchuthi cha mu Ogasiti, ndipo popeza tonse ndife aphunzitsi, mukudziwa kale kuti ndalama zathu ndi zowerengeka. Njira ya kumtunda ndimaidziwa chifukwa ndinafikapo ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndi ku Mbeya, koma panyanja yamchere sindinawolokepo. Zambiri zimene zili pa intaneti anazilembera alendo obwera pa ndege amene amakachingamiridwa ndi galimoto ya hotela, ndipo mitengo yake ndi ya madola okhaokha. Ife chimene tikufuna ndi kuona nkhalango ya Jozani, magombe, ndi akamba akuluakulu aja amene amatchuka. Kodi dala-dala, magalimoto okwera anthu wamba a kumeneko, zimafika kumalo amenewa? Nanga ndi bwino kugona malo amodzi n'kumayenda kuchokera pamenepo, kapena tizisuntha? Ndingakondenso kudziwa ndalama zina zimene munthu amakazidziwira atafika kale.

Mayi wamalonda wa ku Mzuzu:

A mphunzitsi, n'zotheka ndithu, koma ndiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapwetekera. Ndalama zazikulu zimathera pa kuwoloka, musanaponde n'komwe pachilumbapo. Maboti othamanga a Azam Marine amatenga pafupifupi maola awiri kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Stone Town, dera lakale la tauni yaikulu ya Zanzibar, ndipo munthu amene si nzika kapena wokhala m'Tanzania amalipira mtengo wokwera kuposa eni dziko. Ife a Malawi tili m'gulu limenelo ngakhale kuti visa sitifunika. Tikiti mukagule mu ofesi ya kampaniyo padoko pomwepo mutanyamula pasipoti, ndipo madobadoba amene adzakuthamangireni mukamatsika galimoto musawapatse ndalama kapena chikwama, ngakhale atavala bwino motani. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 Okutobala 2024, boma la Zanzibar linalamula kuti mlendo wochokera kunja agule inshulansi ya Zanzibar Insurance Corporation, imene inayamba pa mtengo wa madola 44 kwa munthu wamkulu, ngakhale akhale ndi inshulansi ina ya kwawo. Mugulirenitu pa intaneti musananyamuke, popeza padoko la Zanzibar amayang'ananso mapasipoti ngati kuti mwalowa m'dziko lina. Malo ogona nawo amawonjezera msonkho wa boma pa usiku uliwonse, choncho muzifunsa ngati uli kale mu mtengo umene akutchulawo.

Tsopano za mayendedwe. Chilumba chachikulucho, chimene eni ake amachitcha Unguja, n'chotalika pafupifupi makilomita 85, ndipo chofunika kuchimvetsa n'chakuti dala-dala zake pafupifupi zonse zimayambira m'tauni n'kubwereranso m'tauni. Palibe njira yozungulira m'mbali mwa nyanja. Munthu amene ali ku Nungwi, kumpoto, akafuna kupita ku Paje, kum'mawa, ayenera kubwerera m'tauni kaye n'kukakwera ina, ndipo theka la tsiku limathera pamsewu. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti mugone malo awiri okha: poyamba ku Stone Town, kenako ku Paje kapena ku Jambiani. Kumpoto mukhoza kukapitako m'mawa n'kubwerako madzulo pamene mudakali m'tauni, pa dala-dala ya nambala 116 ya ku Nungwi. Ya ku Jambiani ndi 309, ya ku Bwejuu ndi 324, ndipo zonse ziwirizi zimadutsa pa Jozani ndi pa Paje. Mukafunse pa siteji ya pa msika wa Darajani m'tauni, chifukwa za kum'mawa ndi kummwera zambiri zimakwerera ku Mwanakwerekwe, kumene mungafike pa dala-dala ya m'tauni.

Dala-dala zina ndi minibasi wamba, zina ndi malole ang'onoang'ono a denga lalifupi, okhala ndi mabenchi moyang'anizana, moti polowa munthu amawerama ndipo mawondo amagundana ndi a mnzake mpaka kofika. Matumba a makala, njinga ndi nkhuni zimakwera padenga. Musalipire musanakwere, ndipo musafunse mtengo kwa oitanira. Khalani pansi, muone zimene anzanu akupereka kwa kondakitala, inunso mupereke zomwezo, ndipo mukhale ndi mashilingi osinthasintha. Ulendo umene pa takisi ya alendo amatchula madola makumi angapo, pa dala-dala umakwana ndi mashilingi masauzande ochepa chabe.

Bambo wa zankhalango, Zomba:

Mayi alongosola bwino za msewu, ine ndikhazikike pa Jozani chifukwa ndi pamene pali phindu lenileni la ulendo wotere. Jozani Chwaka Bay ndi paki yokhayo ya boma pa Zanzibar, inakhazikitsidwa mu 2004, ndipo ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 50. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kuchokera m'tauni, ndipo chipata chake chili m'mbali mwenimweni mwa msewu waukulu, choncho palibe chifukwa cholipirira kampani yoyendetsa alendo. Mukangouza kondakitala kuti mutsika pa Jozani, mwafika. Mumalipira pachipata, ndipo amakupatsani wokuperekezani popanda malipiro ena apadera, ngakhale kuti ndi ulemu kumugwira m'manja pomaliza.

Anyani ofiira a mtundu wa colobus amene Jozani imatchuka nawo sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula pa zilumba zimenezi, ndipo pachilumba chonse cha Unguja sakwana 6,000. Chodabwitsa n'chakuti ambiri simuwaona m'kati mwa nkhalango yowirira ayi, koma m'mphepete mwake, m'mitengo ya mango ndi ina imene anthu anabzala pafupi ndi minda. Masamba anthete a mitengo imeneyi ali ndi zinthu zina zovuta kugaya m'mimba, ndipo anyaniwa anaphunzira kudya makala pofuna kuchepetsa mphamvu yake, moti amakatola pazitsa zopserera kapena pamene anthu anawotcha uvuni. Sathawa munthu, ndipo kamwana kakhoza kudumpha panthambi ili pamwamba pa mutu wanu mayi wake ali phee, mchira uli lende. Musawagwire, musawapatse chakudya, ndipo muimirire patali mamita atatu monga mwa malamulo a pakiyo, chifukwa matenda a anthu amatha kuwapatsira. Nchima zilikonso, koma zimenezo ife timazidziwa kale. Mukatha kumeneko musaiwale kanjira ka matabwa kodutsa m'mitengo ya mangrove, imene imamera m'madzi amchere, tsidya lina la msewu, kumene madzi akaphwa mumaona nkhanu zing'onozing'ono zikutuluka m'mauna a m'matope. Pitani m'mawa chipata chikangotsegulidwa, mabasi a ku mahotela asanafike.

Chinthu china chimene ife ozolowera nyanja ya Malawi sitichiganizira ndi kuphwa ndi kudzaza kwa madzi. Ku Paje ndi ku Jambiani nyanja imabwerera m'mbuyo kutali kwambiri kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Amene wapita kukasambira nthawi yolakwika amangopeza mchenga wonyowa. Komabe nthawi imeneyi ndi imene amayi a m'midzimo amalowa kukasamalira ndere za m'nyanja zimene amalima pa zingwe zomangirira ku tizikhomo, ulimi umene unayamba kumeneko mu 1989. Kuyenda pansi kukaona zimenezi n'kwaulere, bola muvale nsapato chifukwa cha tizilombo taminga timene timabisala m'miyala, ndipo mupemphe musanawajambule amayiwo.

Mnyamata wa ku Nkhotakota, wokhala ku Dar es Salaam:

Ndikugwirizana ndi akuluakuluwa, kupatula pa nkhani yogona ku Paje. Paje ndi malo a alendo ochita masewera a pamadzi, makamaka mu Ogasiti pamene mphepo yochokera kummwera yotchedwa kusi ikuwomba, ndipo mitengo ya zipinda imakwera. Jambiani, umene uli pafupi pomwepo cha kummwera, ndi mudzi wautali wokhala ndi nyumba zogona alendo za mabanja, ndipo mukhoza kunenerera mtengo ngati mukhala masiku angapo. Mphepo yomweyo imavundula nyanja ngati mmene mwera umachitira kwathu miyezi yomweyi, choncho ngati mayi amachita chizungulire paboti, sankhani boti la m'mawa.

Za akamba, ali pa kachilumba ka Changuu, kamene ambiri amakatcha Prison Island. Anachokera ku Seychelles mu 1919 ngati mphatso, ali anayi okha, ndipo anaswana. Boti limatenga theka la ola kuchoka ku Stone Town, koma amatchaja boti lonse osati munthu mmodzimmodzi, ndiponso pali malipiro ena polowa. Funani alendo ena pagombe kuti mugawane mtengo. Kunena zoona, ngati ndalama zitaperewera, ine ndingasiye Changuu n'kusunga Jozani, chifukwa akambawo ali m'khola ndipo anthu amachuluka. Za ma dolphin a ku Kizimkazi sindikulimbikitsani konse: maboti ambiri amangothamangitsa nyamazo kuti alendo adumphire pakati pawo.

Chakudya cha usiku pa bwalo la Forodhani, m'mbali mwa nyanja ku Stone Town, mukachione, koma mimba mukadzazire kwa amayi ophika pafupi ndi msika wa Darajani, kumene pilau, msuzi wotchedwa urojo ndi chipisi cha mazira zili pa mtengo wa eni mudzi. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho m'tauni ndi m'midzi muzivala zophimba mapewa ndi mawondo; chitenje cha mayi chidzagwira ntchito.

Mphunzitsi wa ku Karonga:

Zikomo kwambiri nonse. Tasankha Stone Town ndi Jambiani. Funso limodzi lotsiriza: kodi kubwereka njinga yamoto sikungatipulumutse ku zobwerera m'tauni zija?

Mayi wamalonda wa ku Mzuzu:

Kungathandize, a mphunzitsi, koma pamafunika chilolezo chapadera cha ku Zanzibar kuwonjezera pa laisensi yanu, chimene obwereketsawo amakukonzerani pa malipiro ena, ndipo apolisi a pamsewu amaimitsa pafupipafupi kuti achione. Pa maulendo afupiafupi, monga kuchoka ku Jambiani kupita ku Paje, kwerani kabaza wa njinga yamoto, amene kumeneko amati bodaboda, mutagwirizana mtengo musanakwere. Ndipo mukamafunsa nthawi ya dala-dala yomaliza, kumbukirani kuti m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, moti akakuuzani kuti “saa kumi” akutanthauza 4 koloko madzulo, pa nthawi ya ku Tanzania imene ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi.