Zowonjezera pa funso la feteleza wonyowa wochokera ku Dar es Salaam

Funso lija linali lakuti feteleza akanyowa pamsewu wochokera ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe, amalipira ndani. Tinati inshuwalansi, koma ena anamva ngati Yellow Card ya COMESA ndi yokwanira. Ayi ndithu. Khadi limeneli limalipira anthu ena amene galimoto yawavulaza kapena kuwawonongera zinthu, osati katundu amene ali m'thiraki. Pamafunika inshuwalansi ya katundu amene ali paulendo, yotchedwa Goods in Transit, ndipo muwerenge bwino ngati kunyowa kulimo, chifukwa zina zimangolipira ngozi, moto ndi kuba basi.

Vuto limayambira pa tenti. Urea amakoka chinyezi, ndiye tenti ikakhala ndi kabowo, mvula n'kukupezani ku Chiweta, matumba apamwamba amaumbika gwa ngati mwala. Pokweza yalani pulasitiki pansi. Tenti ya kumbuyo iyambe kufundidwa, ya kutsogolo ibwere pamwamba pake, kuti mphepo isamakankhire madzi polumikizirapo.

Matani 30 ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Muwawerenge pokweza ndi potsitsa pomwe. Onyowa ajambulidwe, alembedwe pa delivery note (chikalata cholandirira katundu) wolandira asanasaine, ndipo a inshuwalansi auzidwe tsiku lomwelo. Wolandira akasaina kuti zonse zafika bwino, dandaulo la pambuyo pake a inshuwalansi amalikana mosavuta.