Kodi chithandizo cha maginito cha masiku asanu chingavulaze ubongo?

Mlongo wodera nkhawa: Achimwene anga akhala akudwala matenda ovutika maganizo kwa zaka zitatu, ndipo mankhwala a mitundu iwiri amene amwa sanawathandize. Adokotala atchula chithandizo cha TMS, chimene amaika chipangizo cha maginito pamutu, ndipo akuti pali njira yomaliza m'masiku asanu m'malo mwa milungu isanu ndi umodzi. Mtima wanga uli m'mwamba. Kodi kupanikiza zonsezo m'masiku ochepa chonchi sikungawavulaze?

Namwino wopuma: Achemwali, nkhawa yanu ndi yomveka. Pa njira yakale, imene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mu 2008, wodwala amalandira chithandizo kamodzi pa tsiku. Njira yofulumirayo inachokera ku yunivesite ya Stanford, ndipo wodwala amalandira kakhumi pa tsiku, mphindi khumi ulendo uliwonse, n'kumapuma mphindi 50 pakati pake. Munthu sagonetsedwa tulo monga zimakhalira pa chithandizo cha magetsi chotchedwa ECT. Amakhala pampando ali maso, atatseka m'makutu chifukwa chipangizocho chimalira kwambiri, ndipo asanayambe amayesa mphamvu yake pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu cha dzanja chitagwedezeka chokha. Ambiri amadandaula mutu, kutopa ndi kuwawa pamalo pamene chipangizo chimakhudza. Choopsa chenicheni ndi kugwa ngati wakhunyu, koma zimenezi sizichitikachitika. Adokotala auzidwe mosabisa ngati achimwenewo anadwalapo khunyu, ngati amamwa mowa kwambiri, kapena ngati ali ndi kachitsulo m'mutu chifukwa cha opaleshoni.

Wokonda kufufuza: Ine zakuopsa sizindidetsa nkhawa kwambiri; chimene ndimakayikira ndi kutamanda kumene njirayi imalandira. Kafukufuku wa ku Stanford amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 anali wa anthu 29 okha. Mwa amene analandira chithandizo chenicheni, pafupifupi 79 peresenti anapeza bwino, pomwe mwa amene analandira chongoyerekeza anali 13 peresenti. Zotsatira zake n'zolimbikitsa ndithu, koma anthu 29 ndi ochepa, ndipo ena matenda amawabwerera pakapita miyezi. Komanso ku Stanford ankayamba ajambula ubongo ndi makina a MRI kuti apeze malo enieni olozapo, choncho mufunse ngati adokotala anuwo adzachitanso chimodzimodzi, pakuti si chithandizo chilichonse chofulumira chimene chimatsata ndondomeko imeneyi.

Mlongo wodera nkhawa: Zikomo nonse. Achimwene sanadwalepo khunyu, koma sagona bwino usiku.

Namwino wopuma: Chimenecho musachisiye pofotokozera adokotala, chifukwa kusowa tulo kumawonjezera chiopsezo chakugwa chija. Muwatchulirenso mankhwala onse amene akumwa, ndipo asasiye ngakhale amodzi paokha asanauzidwe.