Revolver ya Smith & Wesson: 686, 19 kapena 10?

Chiphaliwali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna revolver (mfuti ya m'manja ya silinda yozungulira) imodzi ya Smith & Wesson yoomberera chandamale, yoti ikhalitse. Nditenge iti?

Kadzioche: Tengani 686 ya mpope wa mainchesi 4, achimwene. Ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri, fulemu yake (thupi la mfuti) ndi ya saizi L, yolemerera pang'ono moti sikankha kwambiri m'manja. Imalandira zipolopolo za .357 Magnum ndi .38 Special zomwe. 686 Plus imanyamula zipolopolo 7 m'malo mwa 6. Koma mukaombera .38 kwambiri, mwaye umaunjikana m'mabowo a silinda, momwe mumakhala zipolopolo, chifukwa chikopa cha .38 n'chachifupi, ndiye .357 imadzakana kulowa. Muzitsuka ndi bulashi.

Namzeze: Model 19 imakoma kugwira kuposa 686, palibe wotsutsa. Vuto la zakale za fulemu K, yocheperako kuposa L, lili pakamwa pa mpope, pamene chipolopolo chimalowera chikachoka mu silinda. Kunsi kwake adapalako kuti silinda izitsekeka, choncho mpopyapyala. Zipolopolo zothamanga za magireni 125 (grain, muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) zimang'alula pamenepo. Muziidyetsa .38 kapena .357 za magireni 158.

Mpondamatiki: Ngati Magnum simuifuna, Model 10 yakwanira, kapangidwe kake n'kochokera mu 1899. Pogula yogwiritsidwapo kale, yambani mwatsimikiza kuti mulibe chipolopolo. Kokani hammer (kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo) pang'onopang'ono pa bowo lililonse: silinda izikhoma hammer isanafike kumapeto. Silinda ikamagwedera kutsogolo ndi kumbuyo, mfutiyo isiyeni. Model 29 ya .44 Magnum musaiyambire, idzakuphunzitsani kutsinzina poombera.