Quiche ya masamba yopanda mtanda: bwanji ikutuluka madzi?

Nambewe:
Moni nonse. Ndikufuna quiche (chakudya cha mazira osakaniza ndi mkaka chophikidwa mu uvuni) yopepuka, yopanda mtanda wa fulawa uja wapansi. Vuto ndi loti ndikadula, madzi amadzaza pansi pa mbale ndipo chidutswa chimaphwasuka. Ndimaika mazira 4, makapu awiri a mkaka, sipinachi, bowa ndi matimati zosaphika, mu uvuni wa 200°C kwa ola lathunthu. Ndikulakwitsa pati?

Wachiwaya:
A Nambewe, mkakawo wachuluka. Theka la kapu pa dzira limodzi ndi muyeso wa quiche yokhala ndi mtanda, chifukwa mtandawo ndi umene umagwira zonse. Mukauchotsa, ntchito yonse yatsalira mazira. Pa mbale ya masentimita 23 ikani mazira 6, mkaka mamililita 250, tchizi wopala magalamu 80 mpaka 100, ndi theka la tiyisupuni ya mchere. Ngati cholinga ndi kuchepetsa mafuta, chepetsani tchizi, osati kugwiritsa ntchito mkaka wochotsedwa mafuta. Umenewo umangowonjezera madzi. Supuni ziwiri za fulawa zimathandizanso kulimbitsa, bola muzisungunule kaye mu mkaka pang'ono kuti zisachite mibulu.

Namasamba:
Zoona, koma gwero lalikulu la madzi ndi masamba osaphikawo. Sipinachi ndi bowa, zoposa 90 peresenti ya kulemera kwake ndi madzi, ndipo mu uvuni madziwo alibe kothawira, amangolowa m'mazira.

Yambani ndi anyezi mmodzi mu supuni imodzi ya mafuta. Akafewa, ikani bowa magalamu 200 oduladula mopyapyala, moto ukhale waukulu. Muona madzi akutuluka m'chiwaya. Musafulumire kuphula, dikirani aphwe mpaka bowa ayambe kufiirira m'mbali. Chiwaya chikadzaza kwambiri bowa amangowira osakazingika, ndiye ngati ndi chaching'ono kazingani kawiri. Sipinachi amangofuna mphindi ziwiri kuti afote. Akazizira, mukulungeni m'kansalu koyera ndi kufinya mwamphamvu mpaka madzi asiye kudontha. Katsale kampira kakang'ono, musadabwe.

Matimati musawasakanize m'kati. Chotsani njere ndi madzi ake, dulani timagawo topyapyala, yalani pamwamba. Masamba onse ophika asapitirire makapu awiri, ndipo azizire kaye musanathire mazira.

Mlonda wa Uvuni:
Ola lathunthu pa 200°C ndiye lamaliza kuwononga. Mazira akapsa mopitirira amakhwinyata ngati siponji yofinyidwa, nkulavula madzi amene anawagwira. Chizindikiro chake ndi timabowo ting'onoting'ono m'kati mwa chidutswa. Tenthetsani uvuni pa 180°C, pakani mafuta mbale yonse mpaka m'mbali, ikani pa shelefu yapakati kwa mphindi 35 mpaka 40. Gwedezani mbale pang'ono: m'mphepete mukhale molimba, pakati penipeni pazinjenjemera pang'ono chabe. Tulutsani pomwepo, imaliza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Musadule mphindi 15 zisanathe. Komanso pomenya mazira musachite kutulutsa thovu, ingosakanizani. Thovu limaifufumitsa mu uvuni kenako nkuphwa.

Nambewe:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga yotsala ndingaisunge bwanji?

Namasamba:
Ikazizira, vindikirani ndi kuika mu furiji pasanathe maola awiri. Imakhala masiku atatu kapena anayi. Potenthetsa, uvuni wa 160°C kwa mphindi 10 mpaka 15 ndi wabwino kuposa microwave, imene imaumitsa mazira nkutulutsanso madzi.