Laibulale ya HX711 yolembedwera Arduino Uno ikusokoneza manambala pa ESP32

Wokonza masikelo:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi laibulale (mizere ya pulogalamu yokonzedwa kale) yowerengera HX711, kachipangizo kamene kamatenga mphamvu yochepa kwambiri yochokera ku load cell (kachitsulo komva kulemera) n'kuisandutsa nambala ya mabiti 24. Laibulaleyi inalembedwera ATmega328P, purosesa ya mtundu wa AVR ya pa bodi ya Arduino Uno, ndipo kumeneko imagwira ntchito bwino lomwe. Tsopano sikelo ikufunika kuti izitumiza kulemera kwa katundu pa Wi-Fi, choncho ndasamukira ku ESP32, bodi yokhala ndi Wi-Fi. Ndachotsa avr/io.h, ndipo polamulira mapini, m'malo mwa PORTD ndi DDRD za AVR ndaika digitalWrite ndi pinMode. Pulogalamu ikulowa mu bodi popanda vuto, koma sikelo ikakhala yopanda kanthu imawerenga bwino kwa kanthawi, kenako mwadzidzidzi imaponya nambala yaikulu yopanda mutu. Komanso nambala yowongolera sikelo imene ndimasunga mu EEPROM (memori yosafufutika magetsi akazima) imasowa ndikazimitsa bodi.

Mmisiri wa mabodi:
Achimwene, la EEPROM ndi losavuta. Uno ili ndi EEPROM yeniyeni ya 1 KB, pamene ESP32 ilibe, imangogwiritsa ntchito gawo la flash. Yambani ndi EEPROM.begin, mutchule kukula kwa malo amene mukufuna, ndipo mukalemba muitane EEPROM.commit, apo ayi zonse zimathera mu RAM, imene imafufutika bodi ikazima. Muonenso mitundu ya manambala, chifukwa int ndi ya mabiti 16 pa AVR koma 32 pa ESP32, ndipo double ndi ya mabayiti 4 uko koma 8 kuno. Ndi bwino kulemba int32_t kapena uint8_t kuti kukula kusamadalire bodi.

Mayi wa firmware:
Zimene anena anzathuwa n'zoona, koma sindikukhulupirira kuti ndi zimene zikuponya manambalawo, popeza kukula kwa int kukanakhala kolakwika bwenzi nambala ikulakwika mofanana nthawi zonse, osati mwa apo ndi apo. Ine ndikukayikira nthawi ya pini ya PD_SCK, imene bodi imagunda kuti HX711 itulutse biti iliyonse. Datasheet ya HX711 imati piniyi ikakwezedwa iyenera kukhala m'mwamba kwa nthawi yosachepera 0.2 µs, ndipo ikapitirira 60 µs chipangizocho chimaona ngati mwachilamula kuti chigone. Pa Uno, yomwe imathamanga pa 16 MHz, purosesa ndi yochedwa mokwanira moti malire a pansiwo wolemba laibulale sanawaganizire n'komwe, kuchedwa kwa bodiyo kunkamugwirira ntchito iye osadziwa. ESP32 imafika 240 MHz, ndiye pini ikhoza kukwera ndi kutsika HX711 isanakonzeke kutulutsa biti yotsatira.

Mbali inayo, ya malire a 60 µs, ndi yovuta kwambiri kuigwira. Pansi pa Arduino ya ESP32 pali FreeRTOS, pulogalamu yogawa nthawi ya purosesa, imene imatha kuimitsa loop yanu pakatikati pa kuwerenga kuti ipereke mpata ku ntchito ina, ndipo zimenezi zikachitika PD_SCK ili m'mwamba, ma 60 µs aja amatha msanga, HX711 n'kugona mabiti ena asanatuluke. Zotsalazo mumangowerenga zinyalala. Ikadzuka imabwerera ku channel A ndi gain (mlingo wokulitsira mphamvu) ya 128, choncho ngati munasankha gain ya 64 pogunda maulendo 27, nambala yotsatira nayonso imakhala yolakwika.

Ikani delayMicroseconds(1) mukakweza pini ndiponso mukaitsitsa, ndipo gawo lonse logunda PD_SCK mulitsekere pakati pa portENTER_CRITICAL ndi portEXIT_CRITICAL, ndi portMUX yake, kuti ma interrupt (zizindikiro zoimitsa pulogalamu pakatikati) atsekedwe. Kudikira kuti DOUT, pini imene HX711 imatulutsirapo mabiti, itsike kukhale kunja kwa gawolo, chifukwa pa liwiro la maulendo 10 pa sekondi mungatseke ma interrupt kwa 100 ms, ndipo ESP32 siimalola zimenezo mwaulere.

Mmisiri wa mabodi:
Ndavomera, mayi. Ndingowonjezera kuti musamwaze #ifdef m'mizere yonse ya laibulale, chifukwa tsiku lomwe mudzasamukire ku STM32 kapena ku RP2040 ya Raspberry Pi Pico mudzayambiranso pachiyambi. Sonkhanitsani zonse zokhudza bodi, monga kukweza pini, kudikira, kutseka ma interrupt ndi kusunga nambala, mu fayilo imodzi yaing'ono ya bodi iliyonse, masamu a kulemera akhale paokha.

Wokonza masikelo:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsatira malangizowa, ndipo pa logic analyzer, chida choonetsa kukwera ndi kutsika kwa mapini, ndinaona poyera kuti kale pulse imodzi mwa zambiri inkatalika kuposa zinzake, koma tsopano zonse zikufanana ndipo manambala akhazikika. Funso lotsala ndi lakuti, kodi ndingasamutsire PD_SCK ku pini ya GPIO 34, popeza ndi imene ili pafupi ndi HX711 pa bodi yanga?

Mayi wa firmware:
Ayi, achimwene, GPIO 34 mpaka 39 zimangolandira, sizitulutsa. Pa 34 paikeni DOUT, ndipo PD_SCK muipatse pini ina yotulutsa, monga GPIO 32 kapena 33, zimene pa mabodi ambiri a DevKit zili mbali yomweyo.